Kompyuta Yakale Siitayidwa: Kusamala Linux Pakhomo Pathu

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, pulogalamu imene imayendetsa makompyuta ambiri a m'nyumba zathu. Ku Liwonde, ku Ntaja, ku Ulongwe ndi pa Balaka tsikulo linadutsa ngati masiku ena onse. Makompyuta anayaka, ana analemba ntchito za kusukulu, alembi a mipingo anatayipa makalata awo. Chimene chinasintha sichioneka ndi maso. Kale kampaniyo inkatumiza mwezi ndi mwezi zigamba zotseka mipata imene mbava za pa intaneti zimalowera. Tsopano, kupatula kwa amene analembetsa ndondomeko yapadera ya kanthawi kochepa, zigambazo zinaleka kubwera. Nyumba ikadalipo, koma mmisiri wokonza maloko anachoka.

Microsoft imati tisamukire ku Windows 11. Vuto n'lakuti Windows 11 imafuna zipangizo za m'kati zamakono, ndipo makompyuta ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2018 imawakana. Nanga athu ambiri si omwewo? Ena anatumiza ndi mwana amene ali ku Joni, ena tinagula ogwirapo kale ntchito ku Limbe kapena ku Lilongwe. M'katimo muli zinthu zofunika: manotsi a mwana amene akukonzekera mayeso a MSCE, kaundula wa ngongole za pa golosale, zithunzi za ukwati, malipoti a chakhumi ndi zopereka.

Kugula yatsopano si nkhani yapafupi kwa banja limene likusakanso ndalama za feteleza ndi za fizi. Kuikitsa Windows yobera, imene amisiri ena amaika mwakabisira, ndi kutenga cha mwini popanda chilolezo, ndipo banja losunga malamulo khumi likudziwa kale yankho lake. Njira yachitatu ndiyo Linux, pulogalamu yaulere imene imayenda bwino ngakhale m'makompyuta okalamba. Koma Linux si mankhwala amatsenga. Imasamalidwa monga thupi: zizolowezi zing'onozing'ono zochitika nthawi ndi nthawi, ndi kudziwa thandizo loyamba ikadwala. Zimene timaphunzitsana za thanzi, kuti kupewa kumaposa kuchiza, zimagwiranso ntchito pano.

Linux n'chiyani?

Kompyuta iliyonse imafuna pulogalamu yaikulu yoiyendetsa, imene mapulogalamu ena onse amatsamirapo. Windows ndi imodzi, Linux ndi ina. Inayambidwa mu 1991 ndi Linus Torvalds, mnyamata wa zaka 21 amene ankaphunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Chilolezo chake chimalola aliyense kuikopera, kuigawira anzake ndi kuisintha. Choncho mukapatsa mnansi wanu Linux pa fulashi, simunabe kanthu.

Popeza aliyense ali ndi ufulu woisintha, Linux ilipo ya mitundu yambiri. Wodziwika kwambiri ndi Ubuntu, umene unatuluka koyamba mu 2004 ndi thandizo la Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Dzinali ndi la Chizulu ndi Chixhosa, ndipo ndi lomwe lija ife timati umunthu. Mtundu wina ndi Linux Mint, umene unayamba mu 2006 ndipo unamangidwa pa Ubuntu. Maonekedwe ake ndi ofanana ndi Windows, moti wozolowera Windows sasochera. Ngakhale foni ya Android imene ili m'thumba mwanu, mtima wake ndi Linux.

Kuno kwathu Linux si mlendo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, bungwe la Baobab Health linayamba kuika makompyuta okhudza pa sikirini ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, olembera odwala ndi kusindikiza timapepala ta mizeremizere timene timamatidwa pa buku la kuchipatala. Ntchitoyi inafalikira m'zipatala zambiri, makamaka kolandirira ma ARV, ndipo inamangidwa pa mapulogalamu aulere, Linux ili m'gulu. Amisiri ake anaona msanga kuti chosokoneza chachikulu ndi kuzimazima kwa magetsi, choncho makina awo anawalumikiza ku mabatire akuluakulu. Phunziro limenelo tilitenge: kompyuta ya ku Malawi imasamalidwa poganizira za ku Malawi.

Lawani musanagule

Kwa kompyuta yofooka timalangiza Linux Mint ya mtundu wa Xfce, chifukwa ndi yopepuka. Eni ake amati imafuna RAM ya 2GB, ngakhale 4GB ndiyo yabwino, ndi malo a 20GB pa disiki. Linux Mint 22, imene inatuluka mu 2024, idzalandirabe zigamba mpaka 2029, chimodzimodzi Ubuntu 24.04. Fayilo yake yoikira ndi ya pafupifupi 3GB. Ndi bandulo yaikulu ndithu, koma imatsitsidwa kamodzi kokha, ndipo fulashi imodzi ikhoza kuzungulira mabanja onse a pa mpingo.

Fayiloyo imalembedwa pa fulashi ya 8GB ndi kapulogalamu monga Rufus kapena balenaEtcher. Dziwani kuti zonse zimene zinali pa fulashiyo zimafufutika. Mukatero, zimitsani kompyuta, lowetsani fulashi, ndipo poyatsa dinani F9 ngati ndi HP, kapena F12 ngati ndi Dell kapena Lenovo, kenaka sankhani dzina la fulashi. Linux idzayaka kuchokera pa fulashi pomwepo osakhudza chilichonse cha m'kompyuta. Apa ndi pamene muyenera kuyesa zonse: Wi-Fi ikugwira? Mawu akumveka? Purinta ikusindikiza? Mukazimitsa n'kuchotsa fulashi, kompyuta imabwerera mmene inalili.

Musanaiike kwamuyaya, koperani mafayilo anu onse ku fulashi ina kapena disiki yapadera, ndipo muwatsegule kuti mutsimikize kuti akoperekadi. Njira yoika Linux pa disiki yonse imafufuta zonse, ndipo zikapita zapita.

Tinenenso zoona za zimene mudzasowe. Microsoft Word, Excel ndi PowerPoint mulibe. M'malo mwake muli LibreOffice Writer, Calc ndi Impress, zimene zimatsegula mafayilo a Word ndi Excel, ngakhale nthawi zina mizere ndi matebulo zimasuntha pang'ono. Potumiza kalata kwa munthu wa Windows, isungeni ngati docx. Popita kokapurintitsa, isandutseni PDF, pakuti PDF sisintha maonekedwe. WhatsApp, Facebook ndi YouTube zimatseguka bwinobwino mu Firefox. Koma ngati msungichuma wa mpingo kapena wa sukulu amagwiritsa ntchito pulogalamu ya Windows yokha, ayambe wafunsa kaye asanasinthe. Safunsa anadya phula.

Mdani woyamba: magetsi

Ife a m'maboma awiriwa timaona ndi maso madzi amene amapanga magetsi a dziko lino. Mtsinje wa Shire umadutsa pa Kamuzu Barrage ku Liwonde usanakafike ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Madzi akachepa, kapena akasefukira, magetsi amavuta. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga Kapichira, ndipo dziko linataya mphamvu ya pafupifupi 130 megawati kwa nthawi yoposa chaka. Komanso kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 alionse m'Malawi ndiwo ankaunikira magetsi a pa mawaya. Ambiri a ku Nsanama, Chikweo kapena Phalula amene ali ndi laputopu amadalira sola.

Magetsi akathima kompyuta ili m'kati molemba pa disiki, zolembazo zimatsala theka. Linux ili ndi kaundula wake wa zimene inali kuchita, ndipo kawirikawiri imadzikonza yokha poyakanso. Nthawi yoopsa kwenikweni ndi pamene ikuika zigamba zatsopano. Choncho lamulo loyamba ndi ili: musayambe kuika zigamba batire lisanadzaze. A sola achite ntchitoyi masana dzuwa lili pamutu, osati madzulo pamene batire la nyumba likugawana ndi mababu ndi wailesi.

Laputopu imene batire lake linafa imathima nthawi yomweyo magetsi akathima. Kugula batire lina kumatsika mtengo kuposa kugula disiki ina pamodzi ndi kulira mafayilo. Kompyuta ya pa tebulo imafuna UPS, kabokosi kamene kamapatsa mphindi zochepa zoti musunge ntchito ndi kuzimitsa mwadongosolo. Mvula ya mabingu ikayamba, zulani chaja kukhoma. Magetsi akabwera, dikirani mphindi zingapo musanalumikize, chifukwa nthawi zina amabwera ndi mphamvu yosakhazikika. Ndipo chala chizolowere kudina Ctrl ndi S pakatha ndime iliyonse.

Mdani wachiwiri: kutentha ndi fumbi

Aliyense amadziwa dzuwa la Okutobala ndi Novembala pa Balaka, ku Utale ndi m'chigwa cha Shire. Laputopu imapuma kudzera m'timabowo ta pansi ndi m'mbali, ndipo kafani kake kamakoka mpweya pamodzi ndi fumbi. Timabowo tikatsekeka, kompyuta imayamba kuchedwa, kafani kamalira kwambiri, kenaka imangozima yokha. Ambiri amathamangira kunena kuti ndi vairasi, n'kulipira mmisiri kuti afomate, pamene vuto ndi fumbi chabe.

Musaike laputopu pa matiresi, pa pilo kapena pa bulangeti. Ikhale pa tebulo, ndipo kumbuyo kwake muike zitsekerero ziwiri za botolo kuti mpweya uzidutsa pansi. Kamodzi pa mwezi, itazimitsidwa, sesani timabowo ndi mswachi wouma. Mukamaliza ntchito ifunditseni chitenje, koma ikayaka chichotseni. Musadyere pa kiyibodi, pakuti nyenyeswa zimaitana nyerere ndi mphemvu, ndipo tizilomboti timakonda kufunda kwa m'kati mwa makina.

Mdani wachitatu: bandulo yothamanga

Ambiri timalowa pa intaneti kudzera pa foni ya TNM kapena Airtel. Njira yodalirika ndi kulumikiza foni ku kompyuta ndi chingwe cha chaja, n'kutsegula USB tethering pa foniyo. Linux imazindikira yokha popanda kuika kanthu. Mu Ubuntu, pa zosintha za netiweki, chongani pamene palembedwa Metered connection, kuti kompyuta idziwe kuti intaneti yanu ndi yogula pang'onopang'ono ndipo isamatsitse zinthu zikuluzikulu mwa yokha. Linux Mint siika zigamba musanailole: imangoonetsa kachizindikiro ka chishango pansi pa sikirini, n'kudikira inu.

Zinthu zina zabwino sizifuna intaneti konse zikangolowa. Kiwix imasunga Wikipedia ndi mabuku ena m'kompyuta, moti mwana wa ku Nayuchi akhoza kufufuza za sayansi netiweki kulibe. Xiphos ndi yowerengera ndi kufufuza Baibulo. Zonsezi muzitenge mu Software Manager kapena pa tsamba la eni ake, osati pa masamba osadziwika.

Ola limodzi pa tsiku loyamba la mlungu

Mabanja athu amadziwa kale kugawa masiku. Lachisanu ndi lokonzekera, ndipo si tsiku loyambira kukonza kompyuta, chifukwa chinthu chikavuta dzuwa lidzalowa mtima uli pa makina. Phunziro la Sukulu ya Sabata ndi nyimbo zofunika zitsitsidwe Lachinayi. Ntchito yosamalira kompyuta tiipatse ola limodzi pa tsiku loyamba la mlungu, ndipo ichitike mwa dongosolo ili.

Choyamba, koperani mafayilo. Chinthu chofunika chikhale malo atatu: m'kompyuta, pa fulashi kapena disiki ya pakhomo, ndi pa ina yosungidwa kunyumba ina, kwa m'bale kapena mu ofesi ya mpingo. Amene anaona madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kuti nyumba imatha kupita ndi zonse za m'katimo usiku umodzi. Wakuba nayenso akanyamula chikwama cha laputopu amanyamula ndi fulashi imene ili momwemo.

Chachiwiri, ikani zigamba. Mu Linux Mint dinani kachishango kaja, kenaka Install Updates. Amene akufuna kuphunzira njira ya malamulo atsegule Terminal, kawindo kolembamo malamulo, podina Ctrl, Alt ndi T pamodzi, n'kulemba mizere iwiri iyi, umodzi ukatha unzake:

sudo apt update
sudo apt upgrade

Woyamba umafunsa zatsopano zimene zilipo, wachiwiri umaziika, ndipo umayamba wakuuzani kukula kwake kuti muone ngati bandulo ikwana. Ikafunsa pasiwedi, lembani ngakhale pa sikirini sipakuoneka kanthu. Ndi mmene inapangidwira, kuti woima kumbuyo kwanu asawerenge.

Chachitatu, onani malo otsala pa disiki polemba df -h. Mzere umene ukuthera ndi kachizindikiro ka / ndiwo wofunika. Ukapitirira 90%, yambani kuchotsa mafilimu akale ndi kukhuthula Trash. Malamulo a sudo apt clean ndi sudo apt autoremove amasesa zotsalira za mapulogalamu.

Chachinayi, onani Timeshift. Pulogalamuyi imajambula mmene Linux ilili lero, kuti zigamba zikasokoneza mawa muibwezeretse mmene inalili. Sungani zojambula ziwiri kapena zitatu zokha, chifukwa zimadya malo. Kumbukirani kuti Timeshift, mmene imabwerera, imateteza Linux yokha. Zithunzi ndi makalata anu siikhudza, n'chifukwa chake kukopera mafayilo tinakuika poyamba.

Ikadwala: thandizo loyamba

Dokotala wabwino sayamba ndi jekeseni. Amafunsa kuti zayamba liti, munadya chiyani, pakupweteka ndi pati. Kompyuta ikavuta tichite chimodzimodzi. Chasintha n'chiyani kuyambira pamene inali bwino? Magetsi anathima? Munaika pulogalamu yatsopano? Inagwa? Uthenga umene waoneka pa sikirini muujambule ndi foni musanautseke, chifukwa ndiwo udzathandize amene mukamufunse. Sinthani chinthu chimodzi, yesani, kenaka china. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Matenda ofala kwathu kuno ndi awa.

Magetsi anathima, ndipo poyatsa pakuoneka sikirini yakuda yokhala ndi mawu akuti initramfs. Musachite mantha, mafayilo anu alipo. Linux yapeza zolemba zotsala theka ndipo ikufuna chilolezo chokonza. Lembani exit, ndipo idzatchula chigawo cha disiki chimene chavuta, mwachitsanzo /dev/sda2. Kenaka lembani fsck -y motsatana ndi dzina limene yatchulalo, ndendende mmene lalembedwera pa sikirini yanu. Ikamaliza lembani reboot. Vuto lomweli likamabwerabwera magetsi asanathime, disiki yayamba kutha. Koperani zonse lero lomwe, ndipo tsegulani pulogalamu ya Disks muone zimene ikunena za thanzi la disikiyo.

Zigamba zinadukira panjira, ndipo tsopano palibe pulogalamu ikulowa. Tsegulani Terminal mulembe sudo dpkg --configure -a kuti imalize zimene inasiya, kenaka sudo apt --fix-broken install. Kawirikawiri pamenepa nkhani yatha.

Mutaika zigamba, kompyuta siikuyaka bwino, kapena Wi-Fi yasowa. Poyatsa gwirani Shift, kapena dinani Esc m'makompyuta atsopanoko, mpaka patuluke mndandanda. Sankhani Advanced options, kenaka mzere wa nambala yakale. Linux imasunga mtima wake wakale pambali pa watsopano kaamba ka tsiku ngati limeneli. Ikayaka, bwezeretsani ndi Timeshift.

Wi-Fi siikuoneka chiikireni Linux. Malaputopu ena, makamaka okhala ndi kachipangizo ka Broadcom, amafuna kapulogalamu kapadera. Lumikizani foni ndi chingwe kuti mupeze intaneti, tsegulani Driver Manager mu Mint kapena Additional Drivers mu Ubuntu, ndipo sankhani kamene yalangiza. Onaninso ngati mwana sanadine batani lozimitsira Wi-Fi pa kiyibodi.

Masamba a pa intaneti akukana kutseguka, akuti si otetezeka. Yang'anani tsiku ndi nthawi pa ngodya ya sikirini. Makompyuta akale ali ndi kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, nthawi zambiri ka nambala CR2032, kamene kamasunga wotchi. Kakatha, kompyuta imabwerera ku chaka chakale ndipo masamba amaikana. Konzani tsiku, ndipo mukapeza mpata sinthitsani kabatireko.

Ikuchedwa kapena yauma. Tsegulani System Monitor muone pulogalamu imene ikudya mphamvu. Nthawi zambiri ndi masamba ochuluka otsegulidwa mu Firefox. Kugwira batani lozimitsira mpaka ithime kukhale komaliza, zina zonse zitakanika. Ngati pali kandalama, kusintha disiki yakale n'kuika SSD kumatsitsimutsa kompyuta yokalamba kuposa china chilichonse.

Chenjezo limodzi lisaiwalike. Mawu akuti sudo amapatsa lamulo mphamvu zonse pa kompyuta, ndipo Linux imamvera osafunsa kawiri. Lamulo la rm limafufuta osadutsa ku Trash. Monga sitimwa mapiritsi opatsidwa ndi munthu wa pa basi, tisalembe lamulo limene sitikudziwa ntchito yake chifukwa choti taliona pa gulu la WhatsApp.

Fulashi yochokera kokapurintitsa

Vuto ili ambiri timalidziwa. Mwana wapita ndi fulashi kokapurintitsa pa tawuni, pobwera mafoda onse asanduka timivi tosatseguka. Ndi vairasi ya Windows imene imabisa mafayilo enieni n'kuika achinyengo. Mu Linux vairasi imeneyi siyenda, ndipo mafayilo amene inabisa amaoneka poyera. Lowetsani fulashiyo, koperani mafayilo anu enieni ku kompyuta, siyani osawadziwa amene akuthera ndi lnk, vbs kapena exe, kenaka fomatani fulashi n'kubwezeramo zanu. Mukatero mwatetezanso mnansi amene akanaibwereka.

Izi sizitanthauza kuti wa Linux sangaberedwe. Munthu woimba foni kuti mwapata mphoto, kapena uthenga wofuna nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money, sasamala kuti kompyuta yanu ndi ya mtundu wanji. Amadzera m'khutu, osati m'makina.

Ana, maso ndi tulo

Kompyuta ya banja ikhale pabalaza, pamene sikirini ikuoneka kwa onse. Mwana aliyense mum'tsegulire akaunti yake ya mtundu wa Standard, imene silola kuika kapena kuchotsa mapulogalamu. Pasiwedi ya mphamvu zonse ikhale ya bambo ndi mayi, ndipo ilembedwe m'kope losungidwa bwino, kuti mmodzi akachoka kapena kudwala banja lisatsekeredwe kunja. Mlembi kapena msungichuma wa mpingo amene amagwiritsa ntchito kompyuta ya pakhomo asunge za mpingo mu akaunti yakeyake. Maina a mamembala, zopereka zawo ndi nkhani za m'komiti si zoti ana aziwerenga.

Mu 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti ana osakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa sikirini, ndipo a zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Kwa akuluakulu, madokotala a maso amalangiza kuti pakatha mphindi 20 zilizonse tiyang'ane chinthu chakutali, mamita 6 kapena kuposa, kwa masekondi 20. Mtengo wa mango wa pabwalo ndi wokwanira. Khalani mowongoka, sikirini ikhale pafupi ndi msinkhu wa maso, ndipo pakatha ola dzukani muyende ndi kumwa madzi. Ubuntu ili ndi Night Light, yochepetsa kuwala kobaya m'maso madzulo, koma chothandiza tulo koposa ndi kuzimitsa kompyuta nthawi ya mapemphero a madzulo isanakwane, osayatsanso. Kudziletsa kumene timaphunzitsa pa chakudya kumafikanso pa sikirini.

Mwana wa zaka 12 akhoza kuphunzira ntchito zonse za ola lija. M'patseni kope azilembamo tsiku limene munakopera mafayilo, vuto limene linaoneka ndi mmene munalithetsera. Kopelo lidzakhala ngati buku la kuchipatala la kompyutayo. Muonetseninso tinthu tosangalatsa: mu LibreOffice Writer akadina Ctrl, Shift ndi U pamodzi, n'kulemba 0175 ndi kudina Enter, patuluka chilembo cha ŵ chimene agogo ake ankalembera dzina la dziko lino. Ana ena amene lero akusesa fumbi m'timabowo ta laputopu ndiwo mawa adzasamale makompyuta a m'zipatala zathu.

Mutu umodzi susenza denga

Palibe banja limene lingadziwe zonse. Koma pa mpingo uliwonse, kaya ku Liwonde, ku Nselema kapena ku Kankao, sipalephera mphunzitsi, wa zaumoyo kapena wachinyamata amene ali ndi chidwi ndi makompyuta. Dipatimenti ya achinyamata kapena a Pathfinder akhoza kusunga fulashi imodzi ya Linux Mint, n'kupatula tsiku loyamba la mlungu kamodzi pa kotala kuti mabanja abwere ndi malaputopu awo. Fulashi yomweyo ndi yopulumutsira: kompyuta ikakana kuyaka, imayatsidwa kuchokera pa fulashi, mafayilo n'kukoperedwa isanapite kwa mmisiri. Ndipo popita kwa mmisiri, nenani momveka kuti asafomate musanagwirizane.

Tsiku lidzafika limene kompyutayo idzathe ndithu. Batire likatupa, lichotsedwe msanga ndipo lisabooledwe, chifukwa likhoza kuyaka moto. Zotsalira zake tisaziotche pa dzala kapena kuziponya m'chimbudzi ndi mumtsinje, pakuti muli zitsulo zapoizoni monga mtovu, zimene zimawononga ubongo wa ana. Disiki ichotsedwe n'kusungidwa pakhomo, zinazo zipite kwa amisiri amene amachotsamo zipangizo zokonzera ena.

Pa Yohane 6 timawerenga kuti anthu zikwizikwi atadya n'kukhuta, Ambuye analamula ophunzira kutolera makombo, ndipo anadzaza mitanga 12. Amene anali ndi mphamvu yochulukitsa mkate sanalole kuti wotsala uwonongeke. Ukapitawo umene timaphunzira sukhudza chakhumi chokha. Umakhudzanso khasu, njinga, ndi laputopu imene mwana wathu anaivutikira kutali. Yambani ndi chimodzi mlungu uno: pezani fulashi, koperani mafayilo a banja, mukaisungitse kunyumba ina. Zinazo zidzatsatira, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo.